Minda Yapansi pa Nyanja ya Pacific: Mbiri ya Mng'alu wa Galápagos

Makilomita pafupifupi 400 kumpoto chakum'mawa kwa zilumba za Galápagos, nyanja ya Pacific ilibe chizindikiro chilichonse chosonyeza kuti pansi pake pali malo a mbiri. Pamwamba ndi madzi okhaokha. Koma mamita 2,500 kunsi kwake, mumdima wandiweyani, thanthwe lakuda lang'ambika mng'alu wautali umene asayansi amautcha Galápagos Rift. Kumeneko n'kumene, mu February 1977, anthu anaona koyamba zamoyo zitaunjikana mozungulira akasupe a madzi ofunda, zamoyo zimene chakudya chake chimachokera m'mimba mwa dziko osati ku zomera za padzuwa.

Nyanja ya Malawi, pamene pali pakuya zedi, imafika mamita pafupifupi 700, choncho mng'alu wa Galápagos uli kwakuya kuposa pamenepo katatu ndi theka. Komabe malo awiriwa ali pachibale. Onse ali pamene chigoba cha dziko chikung'ambika, ndipo akasupe otentha a ku Chiweta m'boma la Rumphi kapena a Mawira ku Nkhotakota amagwira ntchito mofanana ndi a pansi pa Pacific: madzi amalowa m'ming'alu, amakumana ndi miyala yotentha, kenako amabwerera kumtunda atatentha komanso atasungunula zina za m'miyalayo.

Mbiri ya malowa inayamba kulembedwa mu 1977, koma m'zaka zochepa zimene zadutsapo anthu aona minda ya zamoyo ikubadwa, ikukhwima, ikukwiririka ndi chiphalaphala chamoto, n'kuphukanso pena. Aonanso makampani a migodi akufika pakhomo asayansi asanamalize ndi kuwerenga komwe zamoyo zimene zilipo.

Chipululu cha m'mabuku

Mu 1843 katswiri wa zamoyo wa ku Britain, a Edward Forbes, anapereka ganizo limene linazika mizu m'maphunziro a za m'nyanja. Atakoka khoka lawo lachitsulo pansi pa nyanja ya Aegean, anaona kuti zamoyo zimanka zichepa khokalo likamatsikira kwakuya, ndipo anagamula kuti kupitirira mamita pafupifupi 550 kulibe chamoyo chilichonse. Zifukwa zawo zinali zomveka: kumeneko kulibe kuwala, kumazizira, ndipo madzi amapanikiza koopsa.

Ganizolo silinachedwe kugwedezeka. Mu 1860, chingwe cha telegalafu cholumikiza chilumba cha Sardinia ndi kumpoto kwa Africa chitavuulidwa kuti chikonzedwe, chinatuluka ndi makorali ndi nkhono zamoyo zitakanirirapo, ngakhale chinali chitagona pakuya kwa mamita pafupifupi 2,000. Kenako sitima ya HMS Challenger, imene inazungulira nyanja za dziko kuyambira 1872 mpaka 1876, inabwerako ndi mitundu yatsopano ya zamoyo yoposa 4,000, yambiri yochokera kwakuya.

Zakuti kunsi kuli zamoyo zinatsimikizika, koma panatsala chikhulupiriro china. Akatswiri ankati pansi pa nyanja ndi dziko la njala, la matope ozizira, kumene tizamoyo tapatalipatali timadikira nyenyeswa za zomera ndi nyama zakufa zogwa kuchokera pamwamba. Ngozi ina inalimbitsa maganizowa. Mu October 1968 kasitima koyenda pansi pa madzi kotchedwa Alvin, ka bungwe la Woods Hole Oceanographic Institution la ku America, kanamira zingwe zokatsitsira zitaduka. Anthu atatu amene anali m'katimo anapulumuka, koma kamba wawo anatsalira momwemo. Patatha miyezi yoposa 10, kasitimako katavuulidwa kuchokera pakuya kwa mamita pafupifupi 1,500, buledi ndi maapozi zinapezeka zitanyowa koma zisanawole. Ambiri anaona kuti umenewu ndi umboni wakuti kwakuya ngakhale mabakiteriya amagwira ntchito mwaulesi.

Ofunafuna kutentha

Amene anatsegula njira ya ku Galápagos sanali akatswiri a zamoyo ayi, koma a miyala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, mayi Marie Tharp, amene ankajambula mapu a pansi pa nyanja ku New York pamodzi ndi a Bruce Heezen, anazindikira kuti pamsana pa mapiri a pakati pa nyanja ya Atlantic pali chigwa chong'ambika. Mu 1962 a Harry Hess a ku yunivesite ya Princeton anafotokoza kuti m'zigwa zoterezi ndimo mumabadwira nthaka yatsopano ya pansi pa nyanja: mwala wosungunuka umakwera, umauma, ndipo mbali ziwirizo zimatayana pang'onopang'ono, masentimita ochepa pa chaka. Lero tikudziwa kuti mtandadza wa mapiri amenewa ndi wautali makilomita pafupifupi 65,000 ndipo unazungulira dziko lonse.

Panali masamu amene sankagwirizana. Kutentha kumene ankakupima m'matope a pafupi ndi mapiriwa kunali kochepa poyerekeza ndi kumene mwala watsopano unayenera kutulutsa. Ena anaganiza kuti madzi a m'nyanja ndiwo akuthawitsa kutenthako: akulowa m'ming'alu ali ozizira n'kutuluka ali otentha. Zizindikiro zinalipo. Mu 1964 ndi 1965 sitima za kafukufuku zinapeza madzi amchere kwambiri, otentha kufika madigiri 56, atadikha m'maenje a pansi pa Nyanja Yofiira. Koma mu 1974, pamene asayansi a ku France ndi America anatsikira m'chigwa cha Atlantic pa ntchito yotchedwa FAMOUS, sanaone kasupe wotentha ndi mmodzi yemwe.

Maso anatembenukira ku Pacific. Mu 1972, ndiponso mu 1976, akatswiri a bungwe la Scripps la ku California anakoka zipangizo zawo pamwamba pa mng'alu wa Galápagos n'kupeza malo amene madzi anali ofundirako pang'ono. Pa zithunzi za mu 1976 panaoneka mulu wa zigoba zoyera za nkhono. Malowo anawapatsa dzina lakuti Clambake n'kuwaika chizindikiro kuti adzawapezenso.

Zithunzi 13

Mu February 1977 sitima ya Knorr inanyamuka ku Panama, ndipo ina yaing'ono yotchedwa Lulu inanyamula kasitima ka Alvin. Pa ulendowu panali a Richard Von Herzen ndi a Robert Ballard a ku Woods Hole, a Jack Corliss a ku yunivesite ya Oregon State, a John Edmond a ku MIT ndi a Tjeerd van Andel a ku Stanford. Onsewa anali odziwa za miyala, za kutentha kwa dziko ndi za makemikolo a m'madzi. Katswiri wa zamoyo panalibe, pakuti palibe amene ankaganiza kuti angafunike.

Choyamba kutsitsidwa chinali khola lachitsulo lolemera matani awiri lotchedwa ANGUS, lokhala ndi makamera, magetsi ndi chipangizo choyezera kutentha. Analikoka kwa maola 12, mtunda wa makilomita 16, likuyenda mamita ochepa pamwamba pa thanthwe, ndipo linajambula zithunzi 3,000. Chapakati pa usiku choyezeracho chinasonyeza kuti madzi afunda, koma patangotha mphindi zitatu chinabwerera mwakale. Zithunzizo zitatsukidwa, asayansi anaziunika chimodzichimodzi: mwala wakuda, mwala wakuda, mwala wakudanso. Atafika pa mphindi zitatu zija anangoti kakasi. Pa zithunzi 13 zokha, thanthwe linali mbuu ndi nkhono zikuluzikulu zoyera za zigoba ziwiri, zosakanikirana ndi zina zoderako, mazanamazana. Pa chithunzi chotsatira panalinso mwala wokhawokha.

Pa 17 February, woyendetsa Alvin, a Jack Donnelly, anatsika ndi a Corliss ndi a van Andel. Anthu atatuwo anapanikizana m'chimpira chachitsulo cha mamita awiri m'mimba mwake, aliyense maso ali pa kawindo kake. Patatha ola limodzi ndi theka anafika pansi. Magetsi ataunika, anaona madzi akunyezimira potuluka m'ming'alu, akusanduka amtambo pokumana ndi madzi ozizira. Mozungulira ming'aluyo munali nkhono zotalika masentimita oposa 20, nkhanu zoyera zili piringupiringu, nsomba zofiirira ndi okutopasi. A Corliss anaitana wophunzira wawo, a Debra Stakes, amene anali pamwamba m'sitima ya Lulu, n'kuwafunsa ngati si zoona kuti pansi pa nyanja pamayenera kukhala ngati chipululu. Atavomera, iwo anawauza kuti kumene ali kwadzaza nyama.

M'masabata otsatira Alvin kanatsika maulendo 24. Malo amene anapeza anawatcha maina malinga ndi zimene anaona. Pa Dandelion Patch panali tinthu tachikasu tozungulira tomangirira ku miyala ndi tiulusi, timene pambuyo pake tinadziwika kuti ndi abale a jellyfish. Pa Garden of Eden panali nyongolotsi zokhala m'timapaipi toyera, mitu yake yofiira psuu ikugwedezeka m'madzi ofunda pafupifupi madigiri 17, pomwe madzi ozungulira anali pa madigiri 2.

Poti sanakonzekere zosunga nyama, mankhwala oumikira anali ochepa. Zina mwa zamoyo zoyamba kuvuulidwa pa malowa anaziviika mu mowa wa vodika wa ku Russia umene anagula ku Panama. Ndipo mabotolo a madzi a m'akasupe atatsegulidwa m'sitima, fungo la mazira owola linadzaza chipinda chonse. Fungo limenelo, la mpweya wa hydrogen sulfide, ndilo linali yankho la funso limene aliyense ankafunsa: kodi nyama zonsezi zikudya chiyani?

Nyongolotsi yopanda pakamwa

Akatswiri a zamoyo anafika mu 1979, motsogozedwa ndi a Frederick Grassle a ku Woods Hole. Pa ulendowu anapeza munda wokongola koposa, umene anautcha Rose Garden, wodzaza ndi nyongolotsi za m'mapaipi zotalika mpaka mamita awiri. Zina anazitumiza kwa a Meredith Jones a ku Smithsonian Institution ku Washington, amene mu 1981 anazipatsa dzina lakuti Riftia pachyptila. Atazitumbula anasokonezeka. Nyama yaikulu chonchi inalibe pakamwa, inalibe m'mimba, inalibenso matumbo. M'kati mwa thupi munali chiwalo chonga chinkhupule chokhala ndi timiyala tachikasu ta sulufule.

Mu 1980 a Jones anakakamba za nyongolotsizi ku yunivesite ya Harvard. Atatchula za sulufule uja, wophunzira wina wa chaka choyamba cha maphunziro apamwamba, a Colleen Cavanaugh, anadzuka n'kunena kuti m'chiwalocho muyenera kuti mukukhala mabakiteriya odya sulufule. A Jones sanavomere nthawi yomweyo, koma anawapatsa kachidutswa koti akapime. Zotsatira zake zinatuluka mu 1981 m'magazini ya Science: m'galamu imodzi ya chiwalocho muli mabakiteriya mabiliyoni ambiri. Chaka chomwecho a Horst Felbeck a ku Scripps anapeza m'chiwalocho zinthu zimene zomera zimagwiritsa ntchito popanga chakudya kuchokera ku mpweya wa kaboni.

Kagwiridwe kake n'kotere. Chomera chimatenga mphamvu ku dzuwa n'kupanga shuga. Mabakiteriyawa amatenga mphamvu pophatikiza hydrogen sulfide ndi okosijeni, ndipo ndi mphamvuyo amapanga chakudya. Luso limeneli linali lodziwika kale, pakuti a Sergei Winogradsky analifotokoza cha m'ma 1887 atafufuza mabakiteriya a m'akasupe a sulufule ku Ulaya. Chimene palibe anachilotapo n'chakuti lingadyetse mudzi wathunthu wa nyama zikuluzikulu.

Ntchito ya nyongolotsi ndi kutumikira alendo akewo. Mutu wake wofiira uli ndi magazi ambiri, ndipo umayamwa okosijeni, mpweya wa kaboni ndi hydrogen sulfide n'kuzipititsa kwa mabakiteriya. Kwa nyama zambiri, kuphatikizapo munthu, hydrogen sulfide ndi poizoni amene amatseka kupuma kwa maselo. Mu 1983 a Alissa Arp ndi a James Childress anasonyeza kuti magazi a Riftia amanyamula mpweya wapoizoniwu ataumanga bwino, pamodzi ndi okosijeni, popanda kuvulaza thupi. Nkhono zoyera zija, Calyptogena magnifica, zimasunga mabakiteriya ake m'ziwalo zopumira, ndipo zimapisa phazi lake m'ming'alu kuti zitape sulufule. Nkhanu ndi nsomba zimadya nyama zinzake ndi mabakiteriya oyanga pamiyala.

Ngakhale zili choncho, minda imeneyi sinadukiretu ku dzuwa. Okosijeni amene mabakiteriya amagwiritsa ntchito anapangidwa ndi zomera za pamtunda ndi ndere za pamwamba pa nyanja, ndipo amafika pansi ndi madzi ozizira otsika kuchokera kumalekezero a dziko. N'chifukwa chake nyamazi zimakhala pakamzere kopyapyala pamene madzi a m'kasupe amakumana ndi a m'nyanja. Kutalikira mamita ochepa ndi njala, kuyandikira kwambiri ndi imfa.

Mu April 1979 Alvin kanatsikanso pa mapiri a East Pacific Rise, kufupi ndi gombe la Mexico. Kumeneko anapeza machumuni amiyala akufuka madzi akuda bii, ali tolotolo. Woyendetsa atapisa choyezera kutentha, pulasitiki yake inasungunuka. Atabwerera ndi chipangizo cholimba anapeza madigiri 350. Madziwo sawira chifukwa cha kupanikiza kwa nyanja, kumene pakuya koteroko n'koposa kwa mpweya wa pamtunda maulendo 250. Chooneka ngati utsi ndi tinthu ta chitsulo, kopa ndi zinki timene timaundana madzi otentha akakumana ndi ozizira, ndipo n'timene timamanga machumuniwo. M'makoma ake mumakhala nyongolotsi yaubweya yotalika ngati chikhatho, imene a Daniel Desbruyères ndi a Lucien Laubier a ku France anaitcha Alvinella pompejana mu 1980. Ili m'gulu la nyama zopirira kutentha koposa zonse zodziwika.

Minda imabadwa, minda imafa

Atabwerera ku Rose Garden mu 1985, asayansi anapeza munda utasintha. Nyongolotsi zinali zitachepa, ndipo nkhono zoderako zotchedwa Bathymodiolus thermophilus zinali zitaunjikana pa ming'alu, zikutsekereza madzi a sulufule asanafike kwa anzawo. Apa zinayamba kuoneka kuti munda uliwonse uli ndi ubwana ndi ukalamba wake.

Chiyambi cha munda chinaoneka mu April 1991. Gulu lotsogozedwa ndi a Rachel Haymon ndi a Dan Fornari linatsika pa East Pacific Rise, kum'mwera kwa Mexico, patangopita masiku ochepa chiphalaphala chitaphulika. Thanthwe linali latsopano, lonyezimira. Nyongolotsi ndi nkhono zinali zitapserera, zina zitang'ambika, moti malowo anawatcha Tubeworm Barbecue. M'ming'alu munkatuluka mabakiteriya oyera ochuluka zedi, akuuluka m'madzi mpaka kutseka maso a oyendetsa. Pofika mu 1992 panali patamera nyongolotsi zing'onozing'ono zotchedwa Tevnia. Pofika December 1993 panali Riftia zotalika mita imodzi ndi theka. A Richard Lutz a ku yunivesite ya Rutgers anawerengera kuti paipi ya nyongolotsiyi imatalika masentimita oposa 85 pa chaka, liwiro limene ndi lachilendo pakati pa nyama za m'nyanja zopanda mafupa. Pakati pa 2005 ndi 2006 chiphalaphala chinaphulikanso pomwepo n'kukwirira mindayo pamodzi ndi zipangizo zoyezera zivomezi zimene asayansi anasiyapo.

Nyama yokhala pamalo osakhalitsa chonchi iyenera kukula msanga, kubereka msanga ndi kumwaza ana kutali. Kafukufuku wa mu 2001 anasonyeza kuti mphutsi za Riftia zimatha kuyandama masiku pafupifupi 38 osadya, nthawi yokwanira kuti madzi azikankhe mtunda wofika makilomita 100. Zambiri zimafera m'njira. Imene yagwera pa kasupe wamoyo imalola mabakiteriya kulowa kudzera pakhungu, ndipo pakamwa ndi matumbo zimene inali nazo ili khanda zimafota.

Mu 2002, pokumbukira kuti patha zaka 25, gulu la a Timothy Shank a ku Woods Hole ndi a Stephen Hammond a bungwe la NOAA linabwerera ku mng'alu wa Galápagos kukaona Rose Garden. Anafunafuna koma sanaupeze. Zizindikiro zimene anzawo anasiya pa maulendo akale kunalibe, nyongolotsi kunalibe, nkhono kunalibe. Pamalopo panali patayalidwa chiphalaphala chatsopano. Munda umene unaphunzitsa dziko za moyo wa mumdima unali utakwiririka popanda woona. Koma mamita mazana ochepa kuchokera pamenepo, pathanthwe latsopanolo, anapeza tinkhono ndi tinyongolotsi tating'ono tikungoyamba kumene. Malowo anawatcha Rosebud.

Nyanja iliyonse ndi anthu ake

Kuchokera mu 1977 akasupe oterewa apezeka m'nyanja zonse zikuluzikulu, ndipo mitundu ya nyama za m'malowa imene yalembedwa yaposa 500, yambiri yosapezeka kwina kulikonse. Riftia ndi ya kum'mawa kwa Pacific kokha. Ku Atlantic, kumene a Peter Rona anapeza machumuni pa malo otchedwa TAG mu 1985, eni malo ndi tinkhanu ta shrimp totchedwa Rimicaris exoculata, timene timaunjikana masauzande pa khoma limodzi. Tilibe maso kumutu, koma mu 1989 mayi Cindy Lee Van Dover anasonyeza kuti pamsana pake pali chiwalo chomva kuwala, chotha kuzindikira kuwala kofooka kochokera m'madzi otentha. Chaka chotsatira mayiwa anakhala mkazi woyamba kuyendetsa Alvin.

Mu 2000 gulu limene munali mayi Deborah Kelley linapeza Lost City ku Atlantic, nsanja zoyera za laimu, yaitali mwa izo ya mamita 60, kumene madzi amatuluka ndi mpweya wa hydrogen. Malo ngati amenewa analimbitsa ganizo limene a Corliss ndi anzawo anapereka mu 1981, lakuti mwina moyo wa padziko unayambira pa akasupe a pansi pa nyanja. Funsoli silinathe, koma ndilo likuchititsa akatswiri a zakuthambo kuyang'ana nyanja zobisika pansi pa ayezi pa Europa ndi Enceladus, miyezi ya Jupiter ndi Saturn.

Nawo mng'alu wa Galápagos sunasiye kudabwitsa. Mu 2015 makamera anajambula mazira 157 a nsomba yopyapyala yamapiko yotchedwa Bathyraja spinosissima, ataikiridwa pamiyala yofunda pafupi ndi machumuni, ndipo ofufuza akuganiza kuti kufundako kumafupikitsa zaka zimene mazirawo amatenga kuti aswe. Mu 2023 asayansi a pa sitima ya Falkor (too) anatsatira mzere wa nkhanu zoyera mpaka unawafikitsa pa akasupe atsopano, amene anawatcha Sendero del Cangrejo. Chaka chomwecho, pa East Pacific Rise, gulu la mayi Monika Bright a ku yunivesite ya Vienna ndi mayi Sabine Gollner linagubuduza zidutswa za thanthwe ndi dzanja la loboti, n'kupeza nyongolotsi ndi nkhono zamoyo m'timapanga ta kunsi kwa mwala. Mindayi, ndiye kuti, ili ndi chipinda chapansi chimene kwa zaka 46 palibe anachiona.

Ofuna miyala afika

Machumuni amene amasunga zamoyozi ndi mgodi umene ukupangika. Anthu akhala akukumba miyala yotere kwa zaka masauzande osadziwa gwero lake. Kopa wa pachilumba cha Cyprus, amene ankagulitsidwa m'mayiko a m'mbali mwa Mediterranean Yesu asanabadwe, anapangika pa akasupe a pansi pa nyanja yakale imene pambuyo pake inatukulidwa kukhala mapiri a Troodos. M'miyala ya kumeneko, ya ku Oman ndi ya m'mapiri a Ural ku Russia mwapezeka mapaipi a nyongolotsi osanduka mwala, ena a zaka zoposa 400 miliyoni.

Tsopano maso ali pa akasupe amene akadali m'madzi. Mu 2011 boma la Papua New Guinea linapatsa kampani ya Nautilus Minerals chilolezo chokumba kopa ndi golide pa malo otchedwa Solwara 1 m'nyanja ya Bismarck. Anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, mipingo ndi asayansi anatsutsa mwamphamvu. Makina akuluakulu ophwanyira thanthwe anapangidwa, koma kampaniyo inagwa mu 2019 isanayambe kukumba, ndipo ndalama zambiri za boma zinalowa m'madzi. Mu 2017 dziko la Japan linayesa makina ake kufupi ndi Okinawa n'kukweza miyala kuchokera pakuya kwa mamita pafupifupi 1,600. Ena asankha njira yoteteza: mu 2003 dziko la Canada linaika akasupe a Endeavour m'gulu la malo otetezedwa a m'nyanja.

Akasupe ambiri ali kunja kwa malire a dziko lililonse. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja, la mu 1982, limati pansi pa nyanja zoterezi ndi chuma cha anthu onse, kuphatikizapo a m'mayiko opanda gombe. Bungwe loyang'anira malowa, International Seabed Authority, linakhazikitsidwa mu 1994 ndipo likulu lake lili ku Kingston, Jamaica. Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi mamembala ake. Bungweli lapereka kale zilolezo zofufuza miyala ya pa akasupe ku China, Russia, South Korea, France, Germany, India ndi Poland, ndipo malamulo oyendetsera ukumbi weniweni akadali kukambidwa.

Zimene zingatayike zikuoneka pa nkhono imodzi ya m'nyanja ya Indian, Chrysomallon squamiferum, imene inaonedwa koyamba mu 2001 pa akasupe a Kairei. Phazi lake lili ndi mamba, ndipo mambawo pamodzi ndi chigoba chake amakutidwa ndi chitsulo chosakanikirana ndi sulufule, chinthu chimene sichinapezeke pa nyama ina iliyonse yamoyo. Mu 2019 bungwe la IUCN linaiika pamndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yotheratu, ndipo inakhala yoyamba kulembedwa chifukwa cha chiopsezo cha migodi ya pansi pa nyanja. Pa nthawiyo inkadziwika pa malo atatu okha, amene onse pamodzi sakwana ngakhale mahekitala atatu, ndipo awiri mwa malowo anali kale m'zigawo zimene China ndi Germany anapatsidwa kuti afufuzemo miyala.

Ofuna kukumba amati chilengedwe chimawononga minda imeneyi chokha ndipo imaphukanso, monga zinachitikira ku Rosebud. Asayansi ambiri, kuphatikizapo mayi Van Dover, amayankha kuti zimenezo zaoneka kum'mawa kwa Pacific kumene chiphalaphala chimaphulika pafupipafupi, akasupe ali moyandikana, ndipo nyama zinazolowera kusamuka. Ku Atlantic ndi ku Indian, kumene kuli miyala yochuluka imene makampani akufuna, nthaka imatayana mochedwa, kasupe mmodzi amatha kukhala zaka masauzande, ndipo wotsatira angakhale pamtunda wa makilomita mazana ambiri. Mu 2018 mayi Van Dover ndi anzawo anawerengera kuti akasupe onse amoyo a padziko, ataikidwa pamodzi, angakwane masikweya kilomita 50 okha, ndipo anapempha kuti onse atetezedwe ku migodi. Pempho limeneli lili m'manja mwa mayiko amene amakumana ku Kingston chaka ndi chaka.